MAKINA OCAPIRA ZOBVALA: KASUNGIDWE KACE NDI MATENDA ACE

Masiku ano magetsi alikufika m'malo ambiri a kumidzi. Kuyambira m'caka ca 2003, pamene Boma linaika lamulo lokhazikitsa bungwe la Rural Electrification Authority, mizati ndi mawaya zalowa m'masukulu, m'zipatala zazing'ono, m'misika ndi m'nyumba za alimi ena zimene kale zinadziwa koloboi yekha. Kumene kwafika magetsi, katundu amatsatira. Mlimi akagulitsa bwino soya, thonje kapena mpendadzuwa, kapenanso mwana amene ali pa nchito ku Lusaka akakumbukira amai ace, cimodzi ca zinthu zimene zimakwera basi kudza kumudzi ndi makina ocapira zobvala.

Mtengo wa makina amenewa suli wa masewera. Ndi matumba angapo a cimanga. Koma cimene ticiona kawiri-kawiri ndi ici: caka cisanathe makina aja aima pa ngodya ya nyumba, afunditsidwa citenje, ndipo m'kati mwace alikusungiramo nshawa za mbeu. Mai wa nyumba wabwerera ku mwala wace wa kudambo. Mukafunsa, yankho liri limodzi: "Anafa." Nthawi zambiri sanafe ai. Cabvuta ndi msomali, kapena lamba, kapena waya amene khoswe anadula, ndipo mwini akadadziwa akadakonza yekha madzulo amodzi. Nthawi zina afadi, koma cawapha ndi kasungidwe.

Tinena maka-maka za makina a migolo iwiri, pakuti ndiwo oyenera kumudzi. Safuna mpope; madzi mumathira ndi ndowa, ndipo amatuluka okha pa paipi ya pansi. Makina ena aja ocita zonse okha, a citseko ca galasi kutsogolo, amafuna madzi a mumpope othamanga ndi mphamvu, ndiponso ali ndi tizipangizo ta magetsi tosacedwa kupsya magetsi akamakwera ndi kutsika. Amene alibe mpope m'nyumba asanyengedwe ndi kukongola kwace m'sitolo.

ZIMENE ZIRI M'KATI

Munthu sangaciritse ng'ombe asanadziwe kumene kuli cifu. Mukazula pulagi ndi kucotsa cibvundikiro ca kumbuyo, muona kuti zinthu za m'makinawa ndi zowerengeka. Muli mamota awiri. Mota ya mgolo wocapira imakoka lamba, monga momwe injini ya cigayo icitira, ndipo lambayo amazunguza gudumu limene lalumikizika ku kabokosi ka magiya. Kabokosiko ndiko kamatembenuza mbale ya mapiko imene iri pansi pa mgolo. Mbaleyo imazungulira kumanja, nipuma pang'ono, nibwerera kumanzere, ndipo madzi obvunduka motero ndiwo amacapa.

Mota yaciwiri iribe lamba. Yaima pa masipulingi pansi peni-peni pa mgolo wokamulira, ndipo citsulo cace cimakwera kupyola kamphira kochinga madzi kukagwira mgolowo, umene umazungulira koposa ka 1,000 pa miniti imodzi. Musaiwale malo a mota imeneyi, pakuti tidzabwererako: madzi onse okamulidwa amapita pamwamba pace, ndipo coichinjiriza ndi kamphira kamodzi kokha. Pa citsulo comweco pali buleki, yomangidwa ndi kacingwe ku cibvundikiro ca mgolo. Mukatseka, kacingweko kamakoka buleki kuti ileke. Mukatsegula, buleki imagwira ndipo magetsi a motayo amaduka.

Zotsala ndi zazing'ono. Pali makoloko awiri opota ndi dzanja, ya kucapa kawiri-kawiri ya maminiti 15 ndi ya kukamula ya maminiti 5. Pali copotera ca madzi, cimene cimakoka kalamba kotukula citsekero ca mphira kuti madzi atuluke. Pali kasefa kokola ulusi m'mbali mwa mgolo. Ndipo pali kabotolo ka mawaya kochedwa kapasita, kamene nchito yace ndi kukankha mota kuti iyambe kuzungulira.

MALO ACE NDI MAGETSI

Makina aime pa simenti yosalala, mapazi onse atakhudza pansi. Ikani mbale ya madzi pamwamba pace. Madzi akapendekera mbali imodzi, malowo sali bwino. Dzuwa limaumitsa pulasitiki kufikira aphwanyika ngati cigoba ca dzira, ndipo mvula imalowa m'makoloko. Cifukwa cace ngati mucapira pa khonde, pakhale pa mthunzi, ndipo mukatha bwezerani makina m'nyumba. M'bafa mosambira simuyenera, cifukwa ca madzi othovukira paliponse. Paipi yotulutsa madzi igone pansi, kunsi kwa makina, yosapindika, pakuti ambiri a makinawa alibe pampu: madzi amatsika okha monga mumfuleni.

Cipinda cosungiramo matumba a cimanga ndico coipa koposa zonse. Kunsi kwa makina ambiri kuli pululu, ndipo khoswe amapezamo nyumba yofunda ndi mawaya otafuna. Kumudzi makoswe aononga makina ambiri. Mangani waya wa sefa kunsi kwace, wosatseka mphepo, ndipo kamodzi pa mwezi suzumirani ngati muli zitosi kapena zinyalala za cisa. Mphemvu nazo zimakonda kubisala m'makoloko.

Tsono za magetsi, ndipo apa tamverani bwino, pakuti pali moyo wa munthu. Magetsi a m'nyumba m'dziko lathu ali a mavoti 230, ndipo wocapa amakhala ndi manja onyowa, nthawi zambiri wopanda nsapato, ataima pa simenti ya madzi. Palibe malo ena m'nyumba pamene magetsi angaphe msanga kuposa pamenepo. Pulagi ya makina iri ndi mano atatu. Waya wofiirira ndiye wa moto, wabuluu ndiye wobwerera, ndipo wobiriwira wa mizere yacikasu, amene amapita ku dzino lalitali, ndiye wa nthaka. Nchito ya waya wa nthaka ndi kutenga magetsi othawa ndi kuwapititsa pansi asanapyole m'thupi la munthu. Waya ameneyu athandiza pokha-pokha ngati nyumbayo iri ndi citsulo cokhomedwa m'nthaka ndipo soketi yalumikizidwa kwa ico. Funsani mmisiri wa magetsi akupimireni. Mkhalidwe uja wodula pulagi ndi kutsomeka mawaya m'soketi ndi timitengo ta macisa ulekeke. Fyuzi ya m'pulagi, imene kawiri-kawiri iri ya maampu 13, ikapsya gulani inzace; msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya si fyuzi.

Mukamva kunyerenyetsa pogwira madzi kapena citsulo ca makina, ngakhale pang'ono pokha, zimitsani pa khoma, zulani pulagi ndi manja ouma, ndipo musacapenso kufikira mmisiri ataona. Ena amati makina onse amatero. Iai, makina abwino satero.

Waya wautali woonda wokoka magetsi kucokera ku nyumba ina amafoketsa mphamvu panjira, ndipo mota yolandira magetsi ofooka imalemedwa nitentha. Comweconso madzulo ena pamene nyale ziri mbuu ndipo firiji irikulira molemedwa: tsiku limenelo si la kucapa. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Magetsi akazima muli pakati pa nchito, bwezerani makoloko pa malo ace ndi kuzula pulagi, pakuti pobwera nthawi zina amadza ndi ukali. Zulaninso kukayamba ziphaliwali, ndi masiku onse mukatha kucapa.

Makinawa sadya mayuniti ambiri. Mota yocapira ya mawati 400 ikagwira maminiti 15 yadya cigawo cimodzi mwa 10 ca yuniti, ndiye kuti yuniti imodzi ikwanira kupota koloko ka 10. Koma a sola asafulumire kukondwa. Mota poyamba imakoka mphamvu yocuruka kangapo kuposa imene idya ikathamanga, motero kasola ka nyale ndi foni sikangainyamule. Pafunika mabatire okwanira ndi inveta ya mawati 1,000 kapena kuposa, ya mtundu umene ogulitsa amaucha pure sine wave. Ya mtundu wochipa ija imaliritsa mota ndi kuitenthetsa.

MADZI, SOPO NDI KATUNDU

Makina anapangidwa ndi anthu oganiza za malaya a mu ofesi, koma ife tiwapatsa zobvala za kumunda. Buluku locokera kopalira liri ndi dothi lodzaza dzanja. Dothi ndi mcenga zimatsikira pansi pa mbale ya mapiko, nizipala kamphira ka kabokosi ka magiya monga tupa, kufikira madzi alowa m'magiya. Cifukwa cace cobvala ca matope ciyambe cauma, mucikunthe, mucitsukuluze m'beseni, ndipo pamenepo cilowe m'makina. Matumba onse apisidwe. M'thumba la mlimi mumapezeka misomali, makobiri, mbeu za cimanga, zidutswa za waya ndi zingwe za matumba, ndipo ciri conse ca izi cikhoza kuimitsa makina. Zingwe za madiresi ndi za zitenje mumange, mazipi mutseke.

Madzi a pa mjigo ali bwino. A pa citsime cosamanga kapena a mumtsinje agone usiku mumgolo kuti matope akhale pansi, ndipo pothira muwasefe pa nsaru. Zitsime zina ziri ndi madzi olimba, amene sopo sacita nawo thobvu ndipo amasiya zoyera ngati laimu m'ketulo. Zoyera zomwezo zimamera m'makina. Madzi otentha asapose madigiri 50, ndiwo amene dzanja lingapirire kanthawi. Owira amapinda pulasitiki ndi kuononga timphira.

Thirani madzi kufikira pa mzere umene uli m'kati mwa mgolo. Makina a makilo 7 kapena 8 amamwa zigubu ziwiri kapena zitatu za malita 20. Tidziwa kuti madzi amenewa amadza pamutu, ndipo mtima umafuna kucepetsa. Komatu madzi ocepa amacititsa mbale kukhula zobvala zokha-zokha, nsaru nizing'ambika, mota nilemedwa. Njira yosungira madzi ndi ina: yambani ndi zoyera, muzisamutsire mumgolo wokamulira, ndipo m'madzi omwewo mucape zamawanga-mawanga, potsiriza zakuda za kumunda. Kukamula zobvala musanazitsukuluze kumacotsa sopo wambiri, motero madzi otsukuluzira amacepa.

Makilo olembedwa pa makina ndi a zobvala zouma. Shati ya munthu wamkulu iri ngati magalamu 200, buluku lolimba la jinzi liposa theka la kilo. Koma muyeso wabwino ndi maso: zobvala zizitembenuka momasuka m'madzi. Zikangogwedezeka pamalo pamodzi, tapaniko. Bulangeti lalikulu likamwa madzi limalemera ngati mwana wa mbuzi, ndipo malamba ambiri aduka mwezi wa August ndi September, pamene mabanja acapa zofunda za m'cisanu. Bulangeti lolemera lipondedwe m'bafa monga kale.

Sopo waufa kapena wa phala muyambe mwamsungunula m'madzi. Wa mtanda si wa m'makina, pakuti amasiya nsenga zomata. Thobvu lambiri si ukhondo. Limangofuna madzi ambiri otsukuluza, ndipo likadzaza mumgolo wokamulira limaugwira kuti usathamange.

MAKINA AKADWALA

Lamulo loyamba: dzanja lisalowe kumbuyo kapena kunsi kwa makina pulagi iri pa khoma. Laciwiri: yambani kufuna bvuto lochipa, lodula pambuyo.

Makina akangoti zii, mbali zonse ziwiri, bvuto kawiri-kawiri liri kunja kwa makina. Onani ngati mayuniti sanathe. Tsomekani wailesi kapena simbi pa soketi yomweyo. Yang'anani fyuzi, ndi mawaya a m'pulagi ngati sanakhwefuke, ndipo tsatani cingwe conse ndi maso kufuna mano a khoswe. Fyuzi yatsopano ikapsyanso pomwepo, lekani. Magetsi alikuthawa pena pace, ndipo imeneyo ndi nchito ya mmisiri. Mbali imodzi ikamagwira ina itaima, dziwani kuti magetsi alikufika, ndipo musataye nthawi pa khoma.

Mota ikamveka kuthamanga koma mbale ya mapiko iri duu, ganizani za lamba. Kapena waduka, kapena wagwa pa gudumu, kapena watanuka ndipo alikuterereka, nthawi zina ndi fungo la mphira wopsya. Amene anagwirapo pa cigayo adziwa kale mankhwala ace. Lamba wabwino mukamkanikiza pakati ndi cala cacikulu amalowa ngati sentimita imodzi. Akakhwefuka, masulani pang'ono timabauti ta mota, muikankhire kutali ndi gudumu, mumangenso. Musamange kopambana, pakuti lamba wothina amadya mabering'i. Mafuta asakhudze lamba konse. Lamba akakhala bwino, masulani kabauti ka pakati pa mbale ndi kuitukula: mano a pulasitiki a kunsi kwace akatha, citsulo cimangozungulira m'kati osagwira, ndipo mbale yatsopano ndiyo yofunika. Mano akakhalapo koma citsulo sicitembenuka pamene gudumu litembenuka, kabokosi ka magiya katha. Kamagulidwa kathunthu.

Bvuto limene lapha mamota ambiri ndi ili: mwapota koloko, makina alikulira ngati njuci, koma palibe cizungulira. Zimitsani pomwepo. Mota yolira osayenda iri ngati ng'ombe yokoka pulao lokodwa pa citsa. Mukapitiriza kuikwapula igwa. Maminiti owerengeka akwanira kuocha mawaya ace a m'kati. Zulani pulagi, cotsani zobvala ndi madzi, ndipo yesani kutembenuza mbale ndi dzanja. Ikakana, pali cimene cakola pansi pace, khobiri kapena cingwe, ndipo mucicotsa nokha. Ikatembenuka bwino lomwe, ndipo katundu sanali wocuruka, ndipo magetsi sali ofooka, wolakwa kawiri-kawiri ndi kapasita. Nthawi zina imaoneka yotupa kapena yocuca mafuta, nthawi zina iai. Mtengo wace ndi wocepa kutali poyerekeza ndi wa mota, ndipo mabanja ena agulitsidwa mota yatsopano pamene cinafa ndi kabotolo aka. Koma cenjerani: kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo ikhoza kuluma. Aisinthe wodziwa, ndipo yatsopano ikhale ya manambala omwewo amene alembedwa pa yakale.

Mbale ikamazungulira mbali imodzi yokha, kawiri-kawiri koloko ndiyo yatha mano kapena yapsya polumikizira. Koloko isamabwezedwe ndi ukali, ndipo ana asaiyese coseweretsa. Makina akaima okha pakati pa nchito mota iri yotentha, musade nkhawa msanga: mamota ambiri ali ndi kocingira kamene kamadula magetsi kutentha kukaposa. Apumuleni ola limodzi, mucepetse katundu. Tsiku la kucapa kwakukulu muziwapumitsa mukapota koloko katatu kapena kanai.

Mgolo wokamulira uli ndi matenda ace-ace. Ukamagunda m'mbali ndipo makina alikubvina kuyenda pa simenti, zobvala zaunjikana mbali imodzi. Imitsani, muziyale bwino, zolemera pansi, muzikanikize, ndipo pamwamba muike kambale kofewa kaja kamene kanadza ndi makina. Kambale aka ambiri amakataya tsiku loyamba, osadziwa kuti ndiko kamaletsa sokosi kuuluka ndi kugwera pakati pa mgolo ndi khoma lace, kumene imakatseka njira ya madzi kapena kukulunga citsulo. Kubvina kosalekeza kumathyola masipulingi a mota ndi kung'amba kamphira kaja.

Mgolo ukakana kuyamba, onani poyamba cibvundikiro ngati catsekeka bwino. Kenaka, pulagi itazulidwa, wina atsegule ndi kutseka cibvundikiro inu mulikuyang'ana kumbuyo: kacingwe kayenera kukoka, buleki nilekana ndi citsulo. Kacingwe kakaduka buleki imagwirabe, ndipo mota imangolira. Mgolo ukamayenda mwaulesi, onani ngati madzi kapena thobvu sizinadzaze kunsi kwace cifukwa ca paipi yotsekeka. Zonsezi zikakhala bwino, bwererani kwa kapasita.

Pali amisiri ena amene, posafuna kubvutika, amalumikiza mawaya a cibvundikiro kuti mgolo uzithamanga ngakhale uli wotsegula, kapena amacotsa buleki. Musalole, ngakhale atanena kuti atsitsa mtengo. Mgolo wothamanga umakulunga nsaru pamodzi ndi dzanja nuthyola mkono munthu asanafuule. Mukatsegula, mgolo uyenera kuima masekondi 15 asanathe. Ukaposa, buleki ikonzedwe, ndipo mafuta asathiridwepo. Ndipo ponena za ngozi, mgolo wocapira wodzala madzi ndi citsime kwa mwana woyamba kuyenda amene wakwera pa mpando. Musausiye ndi madzi mukapita koyanika.

Madzi akakana kutuluka, paipi yapindika, kapena yakwezedwa, kapena ulusi watseka, kapena kalamba ka copotera kaduka. Akamatha okha mulikucapa, kanthu kakang'ono, monga batani kapena njere ya cimanga, kakhala pa citsekero ca mphira ndipo sicikhala pansi bwino. Citsekeroco ciri kumbuyo, m'kacibvundikiro kopotokola. Masulani, gwirani sipulingi ingathawe, tsukani, bwezerani. Mphira ukakhala wong'ambika gulani wina.

Madzi opezeka pansi pa makina afunika kuwalondola. Akacokera pa paipi yobooka, nkhani njapafupi. Koma akamadontha pa mota ya mgolo wokamulira, kapena mukaona dzimbiri ndi mizere ya sopo wouma pa motayo, kamphira kochinga madzi kang'ambika. Apa ndipo tinati tidzabwerera. Kamphira aka nkochipa, koma kakacedwa kusinthidwa madzi amalowa m'mota, mota nipsya, ndipo magetsi amayamba kuyenda m'madzi amene mai alikugwira. Lekani kukamula kufikira katasinthidwa. Manja akamule masiku amenewo. Fungo la waya wopsya, utsi, ndi phokoso la citsulo cokukuta cinzace, zonsezi nzoitanira mmisiri.

KUTSUKA COTSUKIRA

Mukatha kucapa cotsani ulusi m'kasefa, tsukuluzani migolo ndi ndowa imodzi ya madzi oyera, pukutani, ndipo siyani zibvundikiro zotsegula kufikira muuma, kuti musamere nkhungu yonunkhitsa zobvala. Kamodzi pa mwezi tukulani mbale ya mapiko. Mudzadabwa ndi zimene mudzapeza. A madzi olimba athire makapu awiri a viniga m'madzi ofunda, makina ayende maminiti 10 opanda zobvala, atsukuluze. Viniga asakumane ndi Jik kapena mankhwala ena oyeretsa a mtundu umenewo, pakuti pamodzi amatulutsa mpweya woocha mapapo.

ZOBVALA ZOPOPERA MANKHWALA

Nkhani iyi mabuku a makina saichula kweni-kweni, koma kwa mlimi njaikulu. Opopera thonje, fodya ndi tomato, ndi onse amene alikulimbana ndi mbozi za m'cimanga zimene zinalowa m'dziko muno m'caka ca 2016, amabwera kunyumba ndi mankhwala pa malaya. Zobvala zimenezi zikalowa mumgolo pamodzi ndi za banja, mankhwala amasamukira ku malaya a ana ndi ku matewera, ndipo ena amatsalira m'makina kudikira mcapo wa mawa. Zicapidwe pa zokha tsiku lomwelo, m'beseni lace-lace, panja, wocapa atabvala magolovesi a mphira, ndipo asakhale mai wa pakati kapena woyamwitsa. Cobvala cimene catayikiridwa mankhwala osasungunula sicicapika, citayidwe. Zonyowa ndi petulo, dizilo kapena parafini nazonso zisalowe m'makina, cifukwa mpweya wace ukhoza kuyaka ndi kamoto ka m'koloko.

Madzi otuluka m'makina asathe cabe m'cirimwe. Otsukuluzira ndi abwino pa nthoci, mapapaya ndi mitengo ya zipatso, mukamasintha-sintha pothira, popeza sopo waufa ali ndi mcere umene umaumitsa nthaka ukacuruka pamalo pamodzi. Pa ndiwo zamasamba ndi pa nazale musathire. A Jik, a matewera ndi a zobvala za wodwala m'mimba apite m'dzenje la miyala, mamita 30 kapena kuposa kucokera pa citsime. Cithaphwi ca kuseri kwa nyumba cimaitana udzudzu ndi nkhumba.

Cinthu cimodzi makina sanasinthe. Nchenche ija yobala mphutsi za pakhungu imaikira mazira pa nsaru zacinyezi zoyanikidwa pansi kapena pa mthunzi, maka-maka m'dzinja. Zobvala zocoka mumgolo wokamulira zimaoneka ngati zauma, koma sizinaume. Ziyanikidwe pa cingwe padzuwa, ndipo za ana ndi zam'kati zisitidwe mbali zonse.

POPITA KU BOMA

Risiti ndi pepala la citsimikizo zisungidwe pamodzi ndi makadi a ku cipatala. Nthawi ya citsimikizo isanathe musamasule ciri conse ca m'kati, pakuti wogulitsa akaona kuti mwatsegula akhoza kukana. Bwezani makina kumene munagula. Akakana popanda cifukwa, kuli bungwe la Boma la Competition and Consumer Protection Commission, logwira nchito pansi pa lamulo la m'caka ca 2010, limene limamva madandaulo a ogula.

Nthawiyo ikatha, si nzeru kukweza makina onse pa ngolo ulendo wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke cifukwa ca kanthu kokwana m'thumba. Mabampu a panjira akhoza kuthyola zimene zinali zamoyo. Lembani dzina la makina ndi nambala imene iri pa cipepala ca kumbuyo, jambulani ndi foni mawaya musanawacotse kuti mudzadziwe pobwezera, ndipo tengani cakufaco m'manja, lamba kapena koloko kapena kamphira, mukaciyerekeze ndi catsopano pa kauntala. Malamba amasiyana utali ngakhale aoneke ofanana, ndipo nambala yace yalembedwa pamsana. Mukampeza woyenera gulani awiri, wina mumpacike pa msomali m'nyumba, pa mthunzi, kumene makoswe safika. Mmisiri akasintha kanthu, akubwezereni cakale. Ngati nkofunikadi kunyamula makina, aime ciriri pa matumba opanda kanthu, atamangidwa ndi cingwe, ndipo mumgolo wokamulira mupanikizemo bulangeti m'mbali kuti usagunde-gunde panjira.